Lipoti la ulendo wathu wotsata mapazi a Pulofesa Ratzinger ku Bavaria

A Tcheya alamula kuti lipotili lituluke msonkhano wa mwezi uno usanachitike, chifukwa aliyense wayamba kale kufotokoza za ulendowu momukomera. Ndiye nali, monga ndinaonera ine mlembi wanu. Amene munatsala musadandaule, tinakuitanani.

Mukudziwa kuti chaka chonse takhala tikuwerenga zimene Joseph Ratzinger ankaphunzitsa asanakhale Papa Benedikito wa 16. Abambo, wansembe wathu, ndi amene anati kuwerenga kokha sikukwanira, tikaone kumene munthuyu anabadwira, kumene anadzozedwera unsembe ndi kumene ankaphunzitsa zaumulungu. Bonn, Münster ndi Tübingen tinazichotsa msanga pandandanda, poti tikiti ya gulu ya ku Bavaria siifika kumeneko, ndipo Amsungichuma atangomva mtengo wa sitima zothamanga anatseka kabuku kawo osanena kanthu.

Tikiti imeneyi imatenga anthu osaposa asanu, mayina awo amalembedwa pomwepo, ndipo pakati pa sabata imayamba kugwira ntchito 9 koloko m'mawa. Ife tinali ndi matikiti atatu. Mwanzeru zake, aliyense akanayenda ndi tikiti yomwe pali dzina lake. Koma Amsungichuma sakhulupirira munthu pa nkhani ya mapepala, choncho onse atatu analowa m'kachikwama kawo kam'khwapa kaja.

Kuchoka ku Munich zonse zinali bwino, tinapemphera kolona mpaka kumaliza. Vuto linabadwira ku Mühldorf, kumene timayenera kusintha sitima. Pamenepa njanji zimagawikana: ina imapita ku Simbach kudzera ku Marktl, ina ku Burghausen kudzera ku Altötting. Achimwene a Mapu, amene sabata yonse ankatitsimikizira kuti njira ili m'foni mwawo, anathamanga patsogolo akukodola dzanja. Agogo, Aphunzitsi, Achemwali a unamwino ndi anyamata athu awiri a kwaya anawatsatira. Enafe tinatsalira kudikira Abambo amene ankagula madzi. Titakhala pansi m'sitima ya ku Simbach n'kuyamba kuwerengana, tinapeza kuti anthu asanu ndi mmodzi palibe, koma matikiti awo ali nafe.

Foni ya A Tcheya inalira. Anali Achemwali, akunong'ona: "A Tcheya, kondakitala waima pano. Akuti munthu wopanda tikiti amalipira ma euro 60. Tilipo sikisi, werengerani nokha." Kumbuyo kwawo tinkamva mawu a Agogo, atayambiranso Tikuoneni Maria mokweza. Amsungichuma anangoti "360!" n'kugwira pamtima. Abambo analanda foni, n'kulankhula ndi kondakitala uja m'Chijeremani chawo cha pa guwa, chaulemu kwambiri moti ndikukhulupirira kuti mkuluyo anaganiza kuti akulankhula ndi Episkopi. Tinajambula matikiti n'kutumiza, mayina anagwirizana, ndipo anawalola kutsikira ku Altötting osalipira. Mulungu amudalitse kumene ali.

Mpaka lero Aphunzitsi akukana kuti anasochera. Akuti Amayi Maria ndi amene anawaitana, pakuti Ratzinger ali mwana ankabwera ku Altötting ndi makolo ake kudzapemphera, ndiye ulendo wotsata mapazi ake sukanadumpha malo amenewo. Ndipo kunena zoona anaona zambiri kuposa ife tsiku limenelo: katchalitchi kakang'ono kozunguliridwa ndi zithunzi zothokoza za anthu amene anachira kapena kupulumuka ngozi, ndi chifanizo chakuda cha Amayi Maria, chimene Papa Benedikito anachisiyira mphete yake ya uepiskopi mu 2006. Agogo anabwera akusimba kuti apeza m'bale wawo. Abambo atayesa kufotokoza za utsi wa makandulo wa zaka mazanamazana, Agogo anangoti, "Abambo, inu munalibeko." Anatipeza ku Marktl pa matakisi awiri, ndipo ndalama imeneyo Amsungichuma akuti si ya gulu. Nkhaniyi ili pa mfundo zokambirana.

Marktl ndi katauni kachete m'mbali mwa mtsinje wa Inn. Nyumba imene Ratzinger anabadwiramo ili pabwalo la msika, ndipo tsopano ndi malo osungirako mbiri yake. Anabadwa pa 16 Epulo 1927, Loweruka Loyera, n'kubatizidwa m'mawa womwewo ndi madzi atsopano a Pasaka. Beseni la ubatizo lija lilipobe m'tchalitchi cha Oswald Woyera, ndipo aliyense anafuna kuligwira. Chimene chinadabwitsa ambiri n'choti anangokhalako zaka ziwiri basi. Bambo ake anali wapolisi wosamutsidwasamutsidwa, wodana ndi chipani cha Nazi, ndiye banja linapita ku Tittmoning, kenako ku Aschau, mpaka kukakhazikika pafupi ndi Traunstein mu 1937. Mnyamatayu analembedwa mokakamizidwa m'gulu la achinyamata la Hitler, anatengedwa kukathandiza pa mizinga yowombera ndege ali ndi zaka 16, ndipo nkhondo ikutha mu 1945 anathawa usilikali n'kukhalako m'ndende ya Amereka.

Ku Freising tinafika m'mawa ndi njala. Wina anati tilawe masoseji oyera aja amene anthu akuno amati sayenera kumva belu la 12 koloko. Anabwera akusambira m'mbale ya madzi otentha, pambali pali mpiru wotsekemera ndi buledi wopotedwa wamchere. Mwambo wake ndi wakuti umavuula soseji, kuising'a, kuchotsa chikopa, n'kudya zam'kati. Achimwene a Mapu, pofuna kubwezeretsa ulemu umene unatayika ku Mühldorf, anayamba kudya osafunsa. Anatafuna chikopa ndi mtima wonse, nkhope ili gwa, kenako anatenga sipuni n'kuyamba kumwa madzi aja. Mayi wotumikira anaima chapatali, thireyi ili m'manja, akuyang'ana. "Msuzi wake ndi wopepuka," anatero achimwenewo, "koma ndi wabwino." Anyamata a kwaya anachita kutuluka panja kukaseka. Amene mukudabwa chifukwa chake masiku ano akuwatcha a Msuziwopepuka, mwamva.

Chitunda chokwera ku tchalitchi chachikulu chinatiyesa mawondo. M'menemo ndi momwe Kadinala Michael von Faulhaber anadzoza Joseph ndi mkulu wake Georg tsiku limodzi, pa 29 Juni 1951. Abambo anatisonyeza zizindikiro ziwiri za ku Freising zimene Papa anadzaziika pa chidindo chake: mutu wa munthu wakuda wovala chisoti chachifumu (Agogo anapezanso m'bale wina), ndi chimbalangondo chonyamula katundu. Nthano yake imati chinapha hatchi ya Korbinian Woyera ali paulendo wa ku Roma, ndiye iye anachisenzetsa katundu wa hatchiyo.

Koma nkhani imene inandigwira ine ndi ya mayeso a Ratzinger. Digiri yake ya udokotala, yonena za Mpingo m'maphunzitso a Augustino Woyera, anaipeza mosavuta mu 1953. Kuno ku Germany pankafunika ntchito yachiwiri kuti munthu aloledwe kukhala pulofesa, ndipo iye analemba za Bonaventura Woyera. Mmodzi mwa oyesa, Michael Schmaus, anaikana, akuti maganizo ake ndi amakono mowopsa. Tangoganizani: munthu amene dziko linadzamudziwa monga wokakamira zakale anatsala pang'ono kulephera chifukwa chomuganizira kuti akuthamangira zatsopano. Nthawi imeneyo n'kuti makolo ake okalamba atasamukira kwa iye ku Freising, ndiye kulephera kukanagwetsa banja lonse. Anadula gawo lotsutsidwalo, n'kukonza lotsala, ndipo anadutsa mu 1957. Ana athu amene akulimbana ndi oyang'anira maphunziro awo anamvetsera mwachidwi kuposa pa Misa.

Poti Abambo anapempha kuti zaka zilembedwe, nazi. Anaphunzitsa ku Bonn kuyambira 1959, ku Münster 1963, ku Tübingen 1966, ku Regensburg 1969. Pa Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, 1962 mpaka 1965, anali mlangizi wa Kadinala Josef Frings wa ku Cologne. Mu 1977 Papa Paulo wa 6 anamusankha kukhala Arkiepiskopi wa Munich ndi Freising komanso Kadinala. Mu 1981 Papa Yohane Paulo Wachiwiri anamuika kutsogolera ofesi yoteteza chiphunzitso cha Mpingo. Anasankhidwa Papa pa 19 Epulo 2005, anatula pansi udindo mu Febuluwale 2013, ndipo anamwalira pa 31 Disembala 2022 ali ndi zaka 95.

Mkangano unaphulika ku Regensburg, madzulo, titawoloka mlatho wakale wamiyala pa Danube n'kukhala pansi kuti tidye. Aphunzitsi anaitanitsa Fanta, akuti ndi zimene malemuwo ankakonda, n'kukweza tambula: "Kwa mphunzitsi amene sanagwedezeke!" Achemwali sanakweze yawo.

"Aphunzitsi, sanagwedezeke bwanji? Pa Msonkhano anali kumbali ya ofuna kusintha zinthu. Hans Küng, mnzake wophunzitsa zaumulungu, ndi amene anamukokera ku Tübingen. Ophunzira atangochita phokoso mu 1968, basi wanyamula mabuku, ulendo ku Regensburg kwachete. Kenako mnzake yemweyo n'kudzamulanda chilolezo chophunzitsira."

"Achemwali, iye sanasinthe ayi. Anasintha ndi anzakewo. Iye anaima pomwe anali."

Apa Abambo anaika foloko pansi kuti awongole chimodzi: Küng analandidwa chilolezo mu Disembala 1979, Ratzinger akadali ku Munich, asanapite ku ofesi ya ku Roma, ndipo mu 2005 atangokhala Papa anamuitana ku Castel Gandolfo, kunyumba yopumirako a Papa, n'kucheza naye maola angapo. Achemwali anavomera, koma sanabwerere. Anatchula Leonardo Boff, mphunzitsi wa zaumulungu wa ku Brazil, amene anauzidwa kukhala chete mu 1985, ndipo uyu ndiye analidi m'manja mwa Ratzinger. Anatchulanso mawu a Papa pa nkhani ya makondomu ndi Edzi ali pandege yopita ku Cameroon mu 2009, n'kunena kuti iwo monga namwino mawuwo anawabaya. Aphunzitsi anayankha kuti atolankhani anangodula chiganizo chimodzi n'kusiya zonse zimene ananena za kusamalira odwala. Mawu anakwera, A Tcheya anagogoda tebulo ndi botolo, anthu a tebulo lina anayamba kutembenuka. Ndiye Achemwali anatulutsa lipoti la ku Munich la mu Januwale 2022, limene linati ali Arkiepiskopi sanachite zoyenera pa milandu inayi ya ansembe ozunza ana. Pamenepo palibe anaseka. Abambo anangoti n'zoona kuti lipotilo linatero, kuti alangizi ake anatsutsa zoti anabisa dala, ndiponso kuti iye mwini analemba kalata yopempha chikhululukiro kwa ozunzidwa. Aphunzitsi anayang'ana m'mbale mwawo nthawi yaitali.

Mlembi sayenera kukhala mbali, koma ndinena. Ine ndikuona kuti mantha aakulu a Ratzinger anali oti chikhulupiriro chingasandutsidwe chida cha ndale. Anaziona ali mnyamata pansi pa Hitler, n'kudzaona zofanana nazo ku Tübingen pamene ophunzira ena ankafuna kumasulira Uthenga Wabwino ndi maganizo a chikomyunizimu a Karl Marx. Kuuma kwake kunachokera pamenepo. Izi sizikuyankha funso lomaliza la Achemwali, ndipo sindikuganiza kuti tiyenera kuliyankha mothamanga.

M'mawa mwake awiriwa anakhala mpando umodzi m'basi ya ku Pentling, akugawana maswiti a chifuwa. Nyumba imene Ratzinger anamanga kumeneko cha mu 1970 tinangoiona kunja kwa mpanda. Ndi nyumba wamba ya mphunzitsi, ndipo ankaganiza kuti adzakalambira momwemo akulemba mabuku. Ku manda a ku Ziegetsdorf, kumene kwagona makolo ake ndi mlongo wake Maria, tinayatsa kandulo. Abambo atanena kuti Mariayu ndi amene ankamusamalira pakhomo ndi kumuthandiza pa zolembalemba mpaka pamene anamwalira mu 1991, amayi onse a gulu anayang'anana. "Ndiye pa nyumba ija ku Marktl chithunzi chachikulu chikanakhala cha yani?" anafunsa Agogo. Abambo anati tiyimbe nyimbo.

Zikomo kwa Abambo chifukwa cha Misa, maphunziro ndi Chijeremani chopulumutsa. Zikomo A Tcheya chifukwa cha botolo lija. Amsungichuma, tinkakusekani mukutolera mabotolo apulasitiki a aliyense kuti mukabwezeredwe masenti 25, koma ndalama ya kandulo inachokera pomwepo, ndiye landirani ulemu wanu. Zikomo anyamata a kwaya ponyamula zikwama za Agogo pa chitunda cha Freising, ndi asisitere amene anatipezera malo ogona ku Regensburg. Achimwene a Mapu, tikukukondanibe, koma ulendo wina muzidzayenda pakati.

Mwezi wamawa tiwerenga zimene Papa Benedikito analankhula pa yunivesite ya Regensburg pa 12 Seputembala 2006, zija zinakwiyitsa Asilamu ambiri. Abambo apempha kuti aliyense awerenge zonse, osati ndime imodzi yotchukayo, ndipo Aphunzitsi ndi Achemwali avomera kutsogolera limodzi. Amene ali ndi jekete lakuda la Abambo, lomwe linasiyidwa m'basi ya ku Pentling n'kutoledwa ndi mmodzi wa ife, abwere nalo Lamulungu.