Yohane 9:41 yandimasukira

Mtima wanga wakhala pansi sabata ino, abale. Amene tili limodzi m'kalasi la alaliki kuno ku Chipata mukudziwa mmene vesi 41 ya Yohane 9 inkandizunguzira mutu. Nkhani yake ndi ya munthu wobadwa wosaona amene Yesu anamuchiritsa tsiku la Sabata pomupaka thope m'maso, Afarisi n'kuyamba kumufunsa munthuyo mafunso. Chovuta chinali yankho la Yesu kwa Afarisi, lakuti akanakhala osaona sakanakhala ndi tchimo, koma poti akuti akuona, tchimo lawo likhalabe. Kusaona kungachotsere bwanji munthu mlandu?

Chandithandiza ndi kope ndi cholembera basi. Ndinalemba mzere pakati pa tsamba. Kumanzere ndinaika zonse zimene munthu wochiritsidwa uja ananena za Yesu, kumanja zimene ananena atsogoleri. Kumanzere zikukwera: pa vesi 11 akungoti munthu wotchedwa Yesu, pa 12 sakudziwa n'komwe kumene ali, pa 17 akuti ndi mneneri, pa 33 akuti ndi wochokera kwa Mulungu, pa 38 akumutcha Ambuye n'kumugwadira. Kumanja zikutsika. Pa vesi 16 Afarisi anali asanaumitsiretu mitima, anagawanika, ena akufunsa kuti munthu wochimwa angachite bwanji zizindikiro zotere. Pofika pa 24 funso lija lazimiririka, onse akuti akudziwa kuti Yesu ndi wochimwa. Pa 28 akulalata, pa 34 amutaya kunja.

Apa m'pamene ndinaona kuti umboni sunawasowe. Munthuyo anamufunsa kawiri, makolo ake anawaitanitsa, koma umboni ukamachuluka iwo n'kumaumirabe. Vesi 22 ikuulula chifukwa chake: anali atapangana kale kuti aliyense wovomereza kuti Yesu ndi Khristu achotsedwe m'sunagoge. Mlandu anaugamula asanaumve. Munthu wodziwa kuti saona amatambasula dzanja kuti wina amutsogolere, pamene wonena kuti akuona amalibweza dzanja lomuthandizalo. Choncho tchimo la atsogoleri aja likhalabe chifukwa anakana okha Wowachiritsa, ataima pamaso pawo.

Kusaona kwa maso Yesu anakuchotsa kale pa mlandu pa vesi 3, pomwe anati sanachimwe munthuyo kapena makolo ake. Ife a kuno sitiyenera kuvutika nazo zimenezi. Ku Magwero, pafupi ndi Chipata, kumene mishoni ya Dutch Reformed inayambira mu 1899, anayamba kuphunzitsa anthu osaona mu 1905. Khungu limene Yesu akudzudzula ndi la anthu a maso abwinobwino.

Ndipo ndikuona kuti kudzipereka kwa Mulungu kuli pa vesi 7. Munthu uja anapita ku thamanda la Siloamu asanaone kanthu, thope lili m'maso, atangouzidwa kuti akasambe. Saulo nayenso, wophunzira wa Gamalieli, analowa m'Damasiko atagwiridwa dzanja, nakhala masiku atatu osaona, mpaka anasanjikidwa manja ndi Hananiya, mmodzi wa anthu omwe iye anapita kukawamanga. Maphunziro ake sanatayidwe, koma anayamba wavomera kutsogoleredwa.

Chondiopsa n'chakuti Afarisi sanali aulesi kapena osapemphera. Pa Mateyu 23:23 ankapereka chakhumi ngakhale cha timbewu tonunkhiritsa ndiwo, n'kusiya chilungamo, chifundo ndi kukhulupirika. Anthu akhama chotere ndi amene ifeyo tikuphunzira kukhala. M'mipingo yathu zimachitika kuti mkulu wa mpingo amadziwa pamtima amene sanapereke chakhumi, koma sadziwa mayi wamasiye amene wagona ndi njala m'dera lake lomwelo. Mnyamata akaimirira kunena zimene Mulungu wamuchitira, funso loyamba limakhala lakuti wamuloleza ndani.

Njira ya mzere pakati pa tsambayi ndikuti aliyense aiyese. Ine ndikukhulupirira kuti palibe chaputala chingaikanike, ndipo imaposa mabuku akuluakulu ofotokozera Baibulo, chifukwa dzanja likamalemba maso sathamanga.

Chimandiwawa n'chakuti m'kalasi chaputala chonsechi tinachidutsa mothamanga. Aphunzitsi anatilembetsa manotsi, wina atafunsa za vesi 41 anayankhidwa kuti sizibwera pa mayeso. Ndimawalemekeza, ndipo ndikudziwa kuti silabasi ndi yaitali, koma tikalalikira chiyani ngati mavesi ovuta tiziwalumpha? Nthawi nayonso ikuchepa. Ino ndi nyengo yopalira, munthu umafika kunyumba msana utauma, malaiti n'kupitanso, kuwerenga kwake kwa tochi ya foni.

Pali mbali imene sindinaimvetsebe. Tito 1:9 ikuti woyang'anira mpingo agwiritsitse mawu okhulupirika kuti athe kutsutsa otsutsana nawo. Deuteronomo 13 imachenjezanso za mneneri wochita zizindikiro koma wosocheretsa anthu, ndipo ofuna ndalama za anthu m'dzina la machiritso tikuwaona ndi maso masiku ano. Afarisi aja ayenera kuti ankadziona ngati oteteza Sabata la Mulungu. Nanga ine ndikadzaima kutsogolo n'kukana chiphunzitso china, ndidzazindikira bwanji ngati ndikuteteza nkhosa kapena ndalowa kale kumanja kwa tsamba lija? Mwina chizindikiro chake ndi kusiya kufunsa, monga zinachitikira pakati pa vesi 16 ndi 24. Mwinanso ndi mmene umamuchitira munthu wobweretsa umboniyo. Loweruka ndifunsa abusa, ngati mpata upezeke.