Parousia: Kufika kwa Mfumu Imene Anthu Ake Amaichingamira

Mwezi watha tinagona pa maliro a mnansi wathu ku Kawale, ndipo mkulu wa mpingo amene analalikira usiku umenewo anawerenga 1 Atesalonika 4, natchula mawu akuti parousia kangapo konse popanda kuwamasulira. Kutacha, mayi wina wachikulire wa Chigwirizano amene ankatithirira tiyi anagwada pambali panga n'kufunsa motsitsa mawu kuti: "Bambo, inu mumawerenga mabuku, mawu ankatchula aja ndiye kuti chiyani? Kodi ndi tsiku la chiweruzo?" Ndinawayankha kuti ndi kubweranso kwa Ambuye, iwo anathokoza, koma ine mtima sunakhazikike, chifukwa ndinadziwa kuti ndawapatsa chigoba ndipo nyama yake ndasiya.

Parousia ndi mawu a Chigiriki, ndipo amapezeka ka 24 m'Chipangano Chatsopano. Gwero lake ndi kukhala pambali pa wina, choncho amanena zinthu ziwiri pamodzi: kufika kwa munthu, ndi kukhala kwake pakati pa anthu amene wawafikira. Chimene chinandidabwitsa nditayamba kufufuza n'chakuti sanali mawu a m'kachisi okha ayi. Paulo amawagwiritsa ntchito pa 2 Akorinto 7:6 ponena za kufika kwa Tito kumene kunamutonthoza mtima, ndiponso pa 1 Akorinto 16:17 pokondwera kuti Stefana ndi anzake awiri afika. Pa Afilipi 2:12 akusiyanitsa nthawi imene iye alipo ndi nthawi imene palibe. Ndi mawu amene mayi angawanene mwana wake akatsika basi pa depoti n'kulowa m'nyumba.

Analinso mawu a boma. M'mizinda ya Agiriki ndi Aroma, ulendo wa mfumu wodzayendera mzinda unkatchedwa parousia, ndipo eni mzinda ankakonza misewu, kusonkha ndalama za mphatso, n'kutuluka kunja kwa chipata kukakumana nayo panjira kuti alowe nayo pamodzi. Apa Chichewa chathu chili ndi mawu oyenerera bwino kwambiri, kuchingamira. Mlendo wolemekezeka sitimudikira titakhala pakhonde. Timasesa pabwalo m'mamawa, timatuma ana kukaima pamphambano, ndipo akaonekera patali timathamanga kukamulandira katundu ndi kubwerera naye kunyumba. Akatswiri ambiri a Malemba amaona chithunzi chomwechi pa 1 Atesalonika 4:17, pamene okhulupirira akukakumana ndi Ambuye mumlengalenga. Ena amamva ndimeyi ngati kukwatulidwa kwa mpingo kuchoka padziko chisautso chisanafike, ndipo chiphunzitso chimenechi chimamveka kawirikawiri pa wailesi ndi m'misonkhano ya chitsitsimutso mu Lilongwe muno. Ine ndimatsamira ku kumva koyamba kuja, chifukwa amene wachingamira mlendo sapita naye kumene mlendoyo wachokera.

Mabaibulo athu ambiri amamasulira parousia ndi mawu monga kufika, kudza kapena kubwera. A Mboni za Yehova, m'Baibulo la Dziko Latsopano, anasankha kukhalapo, ndipo amaphunzitsa kuti Khristu wakhala alipo mosaoneka kuyambira mu 1914. Kunena zoona, kukhalapo ndi mbali imodzi ya tanthauzo la mawuwa, ndipo sindiona chifukwa chowatsutsira pa Chigiriki chenichenicho. Chimene chimandivuta ndi mawu akuti mosaoneka, popeza pa Mateyu 24:27 Yesu akufanizira parousia yake ndi mphezi imene imang'anima kum'mawa n'kuonekera mpaka kumadzulo. Aliyense amene anaimapo pabwalo mu Disembala, mvula ikubwera kuchokera ku mapiri a Dzalanyama, akudziwa kuti mphezi yotere safunika kuuzidwa ndi mnzake.

Nkhani ya chaka cha 1914 si yachilendo m'mbiri ya dziko lathu. Mlaliki Elliot Kamwana, ataphunzira mabuku a Charles Taze Russell, woyambitsa gulu limene kunachokera Mboni za Yehova, kudzera mwa mmishonale Joseph Booth ku South Africa, anabwerera kwawo ku Nkhata Bay mu 1908 n'kulalikira kuti Ufumu udzafika mu 1914. M'miyezi yochepa chabe anabatiza anthu pafupifupi 10,000, ndipo boma la atsamunda linamuchotsa m'dziko mu 1909. Anthu amenewo sindiwanyoza konse. Anali pansi pa goli la msonkho wa nyumba ndi ulamuliro wa achilendo, ndipo uthenga wa mfumu ina yolungama unawagwira mtima pa chifukwa chomveka. Komabe kuwerengera masiku kwakhumudwitsa ambiri, monga otsatira a mlaliki William Miller ku America amene anadikira kubwera kwa Khristu usiku wa pa 22 Okutobala 1844 mpaka kunja kunacha. Mateyu 24:36 akunena poyera kuti tsiku ndi ola lake sadziwa munthu aliyense, ngakhale angelo akumwamba.

Ndikabwerera ku ndime imene inawerengedwa pa maliro paja, ndikuona kuti Paulo sankalemba kalendala. Akhristu a ku Tesalonika anali ndi chisoni poganiza kuti abale awo amene anamwalira Ambuye asanafike adzaphonya chikondwererocho, ndipo iye akuwayankha kuti amoyo sadzatsogola konse, koma akufa mwa Khristu adzayamba ndiwo kuuka. Izi n'zimene ndinayenera kuwauza mayi aja m'mawa umenewo, ndipo ndatsimikiza kuti ndikawauza tikakakumana kumapemphero a kumlaga Lachinayi likubwerali: kuti mnzawo amene anamusambitsa ndi manja awo, n'kumuperekeza ndi nyimbo mpaka kumanda, adzakhala m'gulu loyamba kutuluka kukachingamira Mfumu.