Bordeaux wa 2009 ndi wa 2010: nkhani ya tanini yalowa

Anzanga amene tikuphunzira za vinyo, mtima wanga wakhala pansi tsopano. Nkhani ya tanini ija, chinthu cha mu vinyo wofiira chimene chimaumitsa m'kamwa, imene yakhala ikundizunguza mutu chiyambire maphunzirowa, yalowa. Za kuzunguza tambula, kuyang'ana mtundu pa pepala loyera ndi kununkhiza sindinenapo, nonse mukuzidziwa.

Fomu yolembapo zimene talawa imatifunsa ngati tanini ndi wochepa, wapakatikati kapena wochuluka. Koma vinyo wofiira wa ku Médoc, dera la ku Bordeaux m'dziko la France, amene mphesa yake yaikulu ndi Cabernet Sauvignon, pafupifupi yense ali ndi tanini wambiri. Ukalemba "wochuluka" pa botolo lililonse wakhoza, koma sunanene kanthu. Chimene chanditsegula maso n'chakuti kuchuluka kwa tanini ndi kupsa kwa tanini ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kupsako ndi kumene kumakuuza mmene nyengo inalili chaka chimene mphesazo zinathyoledwa.

Tanini amachokera m'makoko a mphesa, m'njere zake, ndi pang'ono m'migolo ya oak ya malita 225 imene amasungiramo vinyo ku Bordeaux. Akalowa m'kamwa amagwirana ndi mapuloteni a m'malovu, malovuwo n'kusiya kuterera. N'chifukwa chake lilime silithandiza kwenikweni pomufufuza, zimene zimamumva ndi nkhama. Amene munamwapo tiyi wa ku Thyolo wogonera m'ketulo, wopanda mkaka ndi shuga, kuuma kumeneko mukukudziwa.

Ife ogwira ntchito m'malesitilanti kuno ku Cape Town sitingakwanitse kugula vinyo wotchuka wa ku Médoc ngati Latour kapena Lafite, ngakhale timawatsegulira alendo. Tinasonkherana ndi anzanga a kuntchito n'kugula mabotolo a munda umodzi wa ku Haut-Médoc, chigawo cha Médoc, lina la 2009, lina la 2010, kenaka tinapezanso la 2013. Munda womwewo, dothi lomwelo, anthu opanga omwewo. Chosiyana ndi chaka chokha.

Ndinamwa pang'ono wa 2009, kumuyendetsa pakati pa mlomo wam'mwamba ndi mano akutsogolo, kulavula, n'kungokhala chete. Kuuma kunafika mochedwa, kosalala, ndipo malovu atabwerera kunazimiririka pang'onopang'ono, kukoma kwa zipatso zakuda kudakalipo. Wa 2010 anagwira nkhama zonse mpaka m'masaya, kugwira kwenikweni, koma nthawi yomweyo malovu ankatuluka m'mbali mwa lilime chifukwa cha asidi. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale anali wamphamvu chotero, sankakanda. Wa 2013 ndiye anali ndi tanini wocheperapo pa onse atatu, koma wokhakhala, wosiya kuwawa kukhosi, zipatso zitathawa kalekale.

Pamenepo zimene ndinaloweza m'buku zinayamba kulumikizana. Chilimwe cha 2009 chinali chotentha ndi chouma, mphesa zinapsa mosavutikira, njere zomwe zinakhwima. Mu 2010 mvula inasowa kwambiri, mphesa zinakhala zazing'ono ndi za makoko okhuthala, motero madzi ochepa anakumana ndi makoko ambiri. Usiku kunkazizira, asidi sanatsike. Mu 2013 kunazizira ndi kuvumba mvula nthawi ya maluwa, ndipo chakumapeto kwa Seputembala chinyezi chinabweretsa kuwola, alimi ambiri n'kuthyola msanga kuopa kutaya zonse. Cabernet Sauvignon amachedwa kupsa kuyerekeza ndi Merlot, mphesa ina ya ku Bordeaux, n'chifukwa chake amamubzala pa dothi la timiyala m'mbali mwa mtsinje wa Gironde, losunga kutentha komanso losagwira madzi. Ukamuthyola nthawi isanakwane, tanini wake amakhala wamuwisi, ndipo palibe mgolo umene ungamupsetse. Kukhakhala kumene ndinakumva pa nkhama ndi mphesa zimene sizinapatsidwe masiku okwanira padzuwa.

Ndikubwerezanso chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani: wa 2010 ali ndi tanini wambiri koma wakupsa, wa 2013 ali ndi wochepa koma wosapsa. Pa fomu, 2010 amaoneka ngati ndiye wovuta kumwa. M'kamwa, wovutitsa ndi 2013.

Ine tsopano ndatsimikiza kuti njira yophunzirira vinyo ndi imodzi basi: munda umodzi, zaka zosiyana, matambula moyandikana. Zina zonsezi, makadi oloweza, mapu, timabotolo tophunzirira fungo tija, n'zongothandizira. Mukalawa vinyo wa ku Pauillac lero, wa ku Pomerol sabata yamawa, madera awiri osiyana a ku Bordeaux, zasintha n'zambiri nthawi imodzi, mphesa, dothi, wopanga, chaka, ndipo mutu sudziwa chimene chachititsa kusiyanako. Ndikadakhala wokonza maphunziro, ndikadachotsa theka la buku n'kugula mabotolo.

Zimene zimandipweteka n'zakuti m'kalasi tinataya tsiku lathunthu pa mndandanda wa 1855, umene unaika minda yotchuka ya vinyo ya ku Bordeaux m'magulu. Inde, ndikudziwa kuti unakonzedwa chifukwa cha chionetsero cha ku Paris m'nthawi ya Napoleon III, kuti pagulu loyamba panali Lafite, Latour, Margaux ndi Haut-Brion, ndi kuti Mouton Rothschild anakwezedwa kulowa m'gululo mu 1973. Mayeso amafunsa zimenezo, chabwino. Koma nditafunsa aphunzitsi athu kuti tanini wakupsa amamveka bwanji, anangoti, "Muzolowera, pitirizani kulawa." Kulawa chiyani, ndi ndalama ziti? Amalankhula ngati tonse tinakulira m'nyumba zimene vinyo amakhala patebulo madzulo aliwonse. Ambiri a ife tinayamba kugwira tambula ya vinyo tili akuluakulu, tikuipukuta kukhitchini. Nthawi nayonso kulibe. Umaweruka usiku, miyendo ikuwawa, m'mphuno mwadzaza fungo la nyama yowotcha, ndiye uyambe kusiyanitsa nkhama zouma mosalala ndi zouma mokhakhala. Tsiku lopuma limathera kuchapa ndi kutumiza ndalama kumudzi.

Chikundisowetsabe mtendere ndi ichi. Mabotolo amene tinalawa akhala zaka zoposa khumi, tanini wawo wafewa kale. Akatswiri amapita ku Bordeaux mwezi wa Epulo kukalawa vinyo akadali m'migolo, patangopita miyezi ingapo chikolorereni, n'kunena kuti uyu adzakoma patapita zaka makumi awiri. Pa msinkhu umenewo tanini yense amaluma. Kodi nkhama zangazi zingasiyanitse kuluma kwa vinyo wamng'ono ndi kuluma kwa mphesa zosapsa? Komanso ndinalawa ndikuona zaka pa mabotolo, nkhani ya nyengo ndikuidziwa kale. Wina atandibisira malebulo, kaya ndingaloze 2010 molimba mtima. Ndipo mwezi wamawa tikulowa Burgundy, dera lina la vinyo ku France, kumene mphesa ya Pinot Noir ili ndi makoko opyapyala ndi tanini wochepa chaka chilichonse. Kaya nkhama zikandiuzanso kanthu kumeneko, kaya ndikayambiranso poyamba.