Mmene tinayendera ndi achemwali mpaka kuyamba trastuzumab

Achemwali anga atapeza kachotupa kolimba m'bere, kosapweteka nkomwe, tinayambira pachipatala cha boma pa Salima pompano. Anawaona, kulemba m'buku lawo lakuchipatala nkutipatsa kalata ya ku Central ku Lilongwe. Kumeneko anadula kanyama pang'ono pachotupapo kukayeza ku labu, amati biopsy.

Nde apa mumvetsetse abale anga. Akakuuzani kuti ndi khansa musangolira nkunyamuka ayi, funsani adokotala ngati HER2 yayezedwa. Khansa ya m'mawere siimodzi. Mwa odwala 100, pakati pa 15 ndi 20 chotupa chawo chimakhala ndi puloteni ya HER2 yochuluka kwambiri, ndipo yotereyi imakula msanga koma ilinso ndi mankhwala akeake. Achemwali anapezeka mgulu limeneli.

Mankhwalawo ndi trastuzumab, ena amawadziwa kuti Herceptin. Ndi antibody, ngati asilikali amthupi aja, kungoti opangidwa ku labu. Chemo, mankhwala a khansa odziwika aja, ili ngati chilimira, imakokolola chilichonse chokula msanga mthupi nchifukwa chake tsitsi limathothoka, pomwe iyi ndi mbedza, imakakola pa HER2 pomwepo kuti selo isiye kuchulukana, kenako chitetezo cha thupi chimabwera kudzamaliza. Njira yopangira ma antibody oterewa anaitulukira Köhler ndi Milstein ku Cambridge mu 1975, trastuzumab inavomerezedwa ku America mu 1998, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO nkudzaiika pa mankhwala ofunikira mu 2015. Ine chimandiwawa ndi chakuti zaka zonsezi kumudzi kwathu tinali tisanaimvepo.

Mtengo wake ndi woopsa zedi. Chinatipulumutsa ndi ma biosimilar, mankhwala omwewo opangidwa ndi makampani ena motsikirako mtengo, WHO inavomereza oyamba mu 2019. Komabe tinachita kusonkherana pachibale mpaka malume aku Joni, ndipo ukagula amafunika mufiriji, sungangowaponya mchikwama nkukwera minibasi pa Kamuzu Road dzuwa la kuno lija, ife tinkanyamulira mu cooler box.

Asanayambe anawajambula mtima, echo, poti mankhwalawa amatha kufooketsa mtima ndipo kujambulako amabwerezanso pakapita miyezi. Anawauzanso kuti asatenge mimba nthawi yonseyi. Dripu yoyamba inayenda pang'onopang'ono, ola ndi theka, anesi ali pafupi. Anamva kuzizidwa nkuyamba kunjenjemera, ine mtima unali m'mwamba, koma anesi anati zimachitika ulendo woyamba ndipo zinadutsadi. Zotsatirazo zimangotenga theka la ola.

Pano ndi masabata atatu alionse mpaka chaka chikwane, chemo ndi opaleshoni anamaliza kale. Ndalama ya thiransipoti timaika padera mwezi ukangoyamba kuti tsiku lisadumphe. Ndipo adokotala anatitsina khutu kuti akayamba kubanika kapena miyendo kutupa, tisadikire tsiku la dripu, tithamangire kuchipatala tsiku lomwelo.