Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chaka chimene kolera inatseka tchalitchi

M'gawo lapitali tinalekezera pamene ananditumiza ku mpingo wina wa ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, nditangomaliza maphunziro a ubusa ku sukulu ya Justo Mwale. Amene mukuidziwa Kanyama mukudziwa kuti pansi pake ndi mwala wokhawokha. Chimbudzi sichikumbika mozama, ndipo mvula ikagwa madzi amangoti tayale, za m'zimbudzi n'kukalowa m'zitsime zomwe anthu amatungamo madzi akumwa.

Kolera inayamba mu Okutobala 2017. Pofika Januwale 2018 zinthu zinali zitafika posauzana. Boma linaletsa misonkhano m'makomboni okhudzidwa, asilikali anachotsa ogulitsa m'misewu ya m'tauni, masukulu sanatsegulidwe pa nthawi yake, ndipo ife a ku Kanyama anatilamula kuti ikakwana 18 koloko aliyense akhale m'nyumba mpaka kucha. Odwala ankathamangira nawo ku National Heroes Stadium, bwalo la mpira litasanduka chipatala.

Tchalitchi tinakhoma. Anthu ambiri sadziwa kuti mbusa wa mu komboni amadyera m'mbale ya chopereka. Sabata likapita popanda mapemphero, unga kunyumba kwa abusa umatsika nthawi yomweyo. Koma njala sinandivute ngati maliro. Munthu womwalira ndi kolera ankaikidwa mwachangu ndi a zaumoyo, popanda kuona nkhope, popanda amayi a Chigwirizano kugona pa siwa n'kuimba mpaka mbandakucha. Mayi wina anandiimbira foni usiku akulira: "Abusa, mwana wanga wapita opanda nyimbo." Ndinapemphera naye mpaka tokutaimu yake inatha, ine n'kutsala ndi foni m'manja. Tulo tinayamba kusowa, nsima sinkalowa, ndipo foni ikangolira mtima unkagunda. Ndikanauza yani? Nkhosa zimayembekeza kuti mbusa wawo satopa.

Amene anaona ndi amayi busa. Osandiuza, anakanong'oneza mkulu wa mpingo wina, nkhalamba ya ku Katete yosachedwa kulankhula. Anabwera m'mawa wina, kusamba m'manja m'ndowa ya klorini imene tinaika pakhomo, n'kukhala pansi.

"Abusa, mutu umodzi susenza denga. Ndipatseni foniyo."

Ndinayesa nthabwala. Iwo anatenga kabuku ka maina a akhristu n'kugawa mabanja onse kwa akulu a mpingo ndi atumiki, aliyense dera lake. Kwa ine kuzifika nkhani zokhazo zimene zawakanika. Lolemba analiika kukhala langa, foni izigona kwa iwo. Kunena zoona, sabata yoyamba zinandiwawa kuona mpingo ukuyenda popanda ine.

Malolemba amenewo ndinayamba kukumana ndi abusa anzanga awiri a mipingo ina, wina wa ku Chawama, wina wa ku Matero. Kolala ya ubusa tinkasiya kunyumba. Panalibe ulaliki, tinkangofunsana kuti wagona bwanji, wadya chiyani, kunyumba muli mtendere kodi. Wa ku Matero ndiye anayamba kuulula kuti kupemphera kukumukanika, ndipo palibe amene anamuponyera vesi. Mpaka lero timakumanabe, ngakhale mmodzi anasamutsidwira ku Kafue.

Mapemphero atatsegulidwanso, mipando ina inali yopanda eni ake, ndipo ambiri amene anabwera anali atataya malo awo ogulitsira m'tauni. Za kabungwe kosunga ndalama kamene amayi anayambitsa pa chifukwa chimenechi, ndi mkangano umene kanabweretsa mu sesheni, bungwe la akulu a mpingo, ndifotokoza m'gawo 10.