Agogo anakana kufa

Pa ofesi pathu panali seva yakalekale, kompyuta yaikulu yotumikira makompyuta ena onse, ija yoti ukangoyatsa mafani amalira ngati chigayo chikugaya mgaiwa, moti tonse tinkangoitchula kuti agogo. Inkayenda pa Windows Server 2008 R2, yomwe a Microsoft anasiya kuisamalira mu Januwale 2020, koma ife tinakakamirabe chifukwa pulogalamu ya akaunti inali mommo ndipo aliyense ankaopa kuikhudza. Tsiku lina bwana anagula makina atsopano nkundiitana kuti iwe wa makompyuta, tasamutsa zinthuzi. Ine nkuti bwana musadandaule, ndiipanga virtual, Lolemba mupeza zonse zili bhobho. Akuti virtual ndiye chani. Ndinati zili ngati kunyamula nyumba yonse, mipando, mapoto ndi mphemvu zomwe, nkukaiika m'chipinda chimodzi cha nyumba ina yaikulu. Anandiyang'ana ngati ndasuta, koma anavomera.

Loweruka ndinalawirira ndekhandekha. Ndinagwiritsa Disk2vhd, kapulogalamu kaulere kaja ka Sysinternals kamene kamakopa disiki yonse nkuisandutsa fayilo imodzi ya VHDX. Zinatenga nthawi moti ndinapita pa chiwaya, kudya tchipisi, kubwerako chikadakwawabe. Itatha ndinatsegula Hyper-V, pulogalamu yoyendetsera ma virtual, pa makina atsopano aja, ikundifunsa Generation 1 kapena Generation 2, ine poti 2 ndi wamkulu kuposa 1 basi ndinasankha 2. Zii. Osadzuka. Kumeneko nkomwe ndinaphunzira kuti Generation 2 imafuna UEFI, njira yamakono yodzutsira kompyuta, pomwe agogo athu ndi a BIOS, njira ya nthawi ya makolo. Ndinabwereza ndi Generation 1, inadzuka bwinobwino, ndinaipatsa IP, kutanthauza adiresi ya pa netiweki, yomweija ya agogo kuti makompyuta a anthu asazindikire kuti pasintha kanthu.

Kenako ndinawathimitsa agogo mwaulemu, kuwasisita pamwamba nkuti pitani bwino, mwagwira ntchito. Koma nthambo ya magetsi ndi ya netiweki sindinazule. Ndinangotseka chitseko nkumapita ndikuimba likhweru.

Lamulungu usiku magetsi anathima, ndipo UPS yathu, ija yogwirizira makina magetsi akathima, batire yake inafa kale, imangokhala ngati chokongoletsera. Zomwe ndinaiwala nzoti mu BIOS ya agogo munali setting yoti magetsi akangobwera izidziyatsa yokha, kaya munaithimitsa kaya ayi. Ndiye magetsi atabwera agogo anadzuka kumanda. Makina atsopano amayamba adzuka eni ake kenako nkudzutsa virtual ija, pomwe agogo anangoti dzambatu nkulanda IP. Yatsopano pofika inapeza mpando uli ndi mwini, Windows inaona kuti adiresi yatengedwa nkungokhala phee.

Lolemba ndinalowa mu ofesi ngati ndawina zisankho. Amayi a ku akaunti akuti achimwene koma mwaigwira ntchito, seva yatsopanoyi ikuthamanga bwanji! Ine nkumati eee amayi, teknoloje imeneyo, dikirani muone kumapeto a mwezi. Bwana mpaka anandigulira Fanta. Masiku awiri athunthu ndikulandira ulemu, anthu akulemba ma invoice mwa agogo omwewo, ine kuchipinda cha seva osapondako nkomwe poti wopambana sabwerera kukaona bwalo.

Lachitatu cha m'ma 10 koloko zonse zinangoima. Ndinathamangira pa laputopu, kulowa mu Hyper-V, kuipanga restart virtual ija, netiweki inabwerera, ine mtima pansi. Sipanathe mphindi zisanu ndinamva kukuwa. Ma invoice onse a Lolemba ndi Lachiwiri kulibe, buku likuthera Lachisanu lapitalo. Amayi aja anavula magalasi nkundiyang'ana, akuti achimwene, ndalama za anthu mwazipititsa kuti? Ine thukuta kamukamu, pakamwa pangouma, ndinayamba kunena za ma hacker, mpaka ndinatchula Russia, Mulungu andikhululukire.

Apa nkuti madala athu otumikira mu ofesi ataima pakhomo ndi thireyi ya tiyi, akumvetsera nkhani yonse. Anadikira ndimalize bodza langa kenako anati, achimwene, kodi agogo aja simunati anamwalira? Nanga bwanji akhala akulira kuyambira Lolemba? Ine ndawazula mmawa uno kuti ndilumikize ketulo, soketi ya kukhitchini yapsa.

Ofesi yonse inangoti zii. Bwana anafunsa pang'onopang'ono kuti ndiye Fanta ija ndinakugulira ya chani.

Ndinakawadzutsanso agogo, ulendo uno nthambo ya netiweki ili m'thumba mwanga, nkukopa database yonse kupititsa ku yatsopano. Ma invoice anabwerera onse, kupatula atatu omwe amayi analemba m'mphindi zisanu zija, amenewo ndinawalowetsanso ndekha iwo ataima kumbuyo kwanga manja m'chiuno. Ndinaweruka 9 koloko usiku, maminibasi atatha.

Pano agogo ali ku sitolo, nthambo zonse ndinazula nkukabisa mu kabati ina, ndipo madala amaikapo thireyi yawo pamwamba. Koma amayi a ku akaunti mpaka lero akamadandaula kuti seva ikuchedwa amati, achimwene, tabwezeretsani mmene inkathamangira Lolemba lija mutangoiika kumene.