Ubwana wa masiku awiri pa sabata

Ntchito yanga ndi yotsogolera pa zachuma m'makampani atatu ang'onoang'ono, ndipo palibe ngakhale imodzi yomwe ingakwanitse kundilipira mwezi wathunthu. Choncho amagawana sabata yanga: Lolemba ndi Lachiwiri ndimakhala ku kampani yopuntha mpunga ku Nkhotakota, Lachitatu ku malo ogona alendo ku Senga Bay, ndipo masiku otsalawo ndimakhala ndi achinyamata ogulitsa masola pangongole pa boma la Salima. Anzanga amati ndi ganyu wovala tayi, ndipo sindiwatsutsa.

Lolemba ndinanyamuka ku Salima m'bandakucha pamsewu wa M5, mwera ukuwomba monga umachitira mu June. Ino ndi nyengo yogula mpunga, pamene tambala iliyonse iyenera kukhala pa sikelo, chifukwa mlimi wa ku Bua akafika ndi matumba ake a Kilombero n'kumva kuti abwere mawa, amangotembenuza ngolo kupita kwa venda amene ali ndi ndalama m'manja. Nditangokhala pansi, kalaliki wathu, mtsikana wosamala kwambiri, anatseka chitseko, n'kundisonyeza buku la ndalama chala chake chili pa mzere wa Lachinayi lapitalo. Ndalama zokwanira kugula matumba 20 zinali zitatuluka popanda lisiti. Anazitenga ndi mwini kampani, chifukwa kumudzi kwa akazi awo kunagwa zovuta.

Apa ndi pamene pagona vuto la ntchito yanga. Malamulo amene ndimaika amagwira ntchito masiku awiri omwe ndilipo, koma kuyambira Lachitatu amatsala m'manja mwa munthu amene sangayerekeze kukaniza abwana ake. Mwini kampaniyo ndinawapeza kuseri kwa chigayo, mankhusu ali mbuu pa jekete, ndipo nditawapepesa malirowo ndinawauza kuti ndalama zimene anatengazo zina zinali za msonkho wa PAYE wodulidwa pa malipiro a antchito, womwe uyenera kufika ku bungwe lotolera misonkho la MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo zina zinali za penshoni, zomwe lamulo limati olemba ntchito aziikapo 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. "Achimwene," anandiyankha motsitsa mawu, "kampaniyi ndinayiyamba ndi njinga ndi sikelo imodzi. Lero ndizipempha ndalama zanga kwa mwana amene ndinamulemba ntchito ndekha?"

Sindinawauze kuti asiye kuthandiza pa maliro, popeza langizo lotero silingamveke kuno kwathu, ndipo inenso sindingalitsatire. Tinagwirizana zoti azilandira malipiro okhazikika mwezi ndi mwezi ngati wina aliyense, ndipo akafuna zoposa pamenepo azisaina kapepala kosonyeza kuti kampani yawabwereka, ngongoleyo izidulidwa pa phindu lawo. Anavomera mokokera, makamaka nditawakumbutsa kuti banki yomwe tikuipempha ngongole ya makina atsopano idzayamba yaona mabuku omwewo.

Lachiwiri linathera pa kuwerengera ndalama zolowa ndi zotuluka za masabata 13 akubwerawa. Tikufuna mpunga wathu wa m'mapaketi ulowe m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe, zomwe zimafuna chiphaso cha bungwe loona za ubwino wa katundu la Malawi Bureau of Standards, koma chimene eni makampani ambiri saganizira ndi chakuti sitolo yaikulu imalipira patapita masabata, pamene mlimi amafuna zake pompopompo. Kampani ingathe kukhala ndi maoda ochuluka n'kulepherabe kulipira antchito pa mapeto a mwezi, ndipo m'kuona kwanga kukula mothamanga kumagwetsa makampani otere kuposa kusowa kwa msika.

Ku Senga Bay kunalibe zambiri. Alendo anali ochepa, kotero tinangokonza ndondomeko ya matchuthi a antchito ndi kuwerenga katundu wa m'sitolo.

Achinyamata a ku Salima aja ali ndi luso limene ine ndilibe, koma amaitanitsa katundu ndi madola n'kumalipidwa pang'onopang'ono m'makwacha kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense wogulitsa motere anaona kuti ndalama zimene makasitomala ankabweza sizikanagulanso katundu yemweyo. Lachinayi lonse tinakangana za kufupikitsa nthawi ya ngongole, iwo akuopa kutaya makasitomala, ine ndikuopa kutaya mpamba. Tinasiyana tisanagwirizane, ndipo popeza kampani ndi yawo, mawu omaliza adzakhala awo.

Lachisanu madzulo, ndikutseka laputopu, kalaliki wa ku Nkhotakota uja anandiimbira foni. Anati abwana anabweranso m'mawa kudzafuna ndalama za simenti, iye anangowaikira kapepala kaja ndi cholembera patebulo osanena kanthu. Akuti anakayang'ana kwa nthawi ndithu, anasaina, kenako anafunsa kuti ngongole yawo yonse yafika zingati.